Mphamvu ndi udindo wa Pulezidenti wa Zambia monga zalembedwera m'Malamulo Oyendetsera Dziko

Zolembedwazi zachokera makamaka m'Gawo 7 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016 ndi kusainidwa pa 5 Januwale chaka chimenecho ku Heroes Stadium mu Lusaka. Zaikidwa m'Chinyanja kuti zizithandiza magulu ophunzitsana za ufulu ndi udindo wa nzika. Pamene pali mawu a lamulo ndawasiya mmene alili ngakhale amveke ouma, ndipo pena ndaonjezapo malangizo anga. Mukakhala ndi mlandu kukhoti, chimene chimagwira ntchito ndi buku la Chingelezi, ndipo muzifunsa latsopano chifukwa malamulowa amakonzedwa nthawi ndi nthawi.

Ndime 90 ndi 91 zikuti: "Mphamvu zoyendetsera boma zichokera kwa anthu a Zambia, ndipo zigwiritsidwe ntchito motsata chilungamo pakati pa anthu, pofuna ubwino ndi phindu lawo. Pakhale Pulezidenti wa Ripabuliki amene adzakhala Mutu wa Dziko ndi wa Boma, ndiponso Mkulu wa Asilikali onse." Apa pali maudindo atatu pa munthu mmodzi. Monga Mutu wa Dziko amalandira akazembe a maiko ena, amatumiza athu kunja, amapereka mendulo zaulemu. Monga Mutu wa Boma amatsogolera msonkhano wa nduna. Monga Mkulu wa Asilikali ali pamwamba pa Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service. Achikulire akukumbukira kuti kuyambira 1973 mpaka 1991 tinali ndi nduna yaikulu pansi pa a Kenneth Kaunda, koma udindo umenewo unatha pamene tinabwerera ku zipani zambiri.

Ndime yomweyo ya 91 ikumulamula kulemekeza ndi kuteteza Malamulo Oyendetsera Dziko, kuteteza ufulu wodzilamulira wa dziko, kulimbikitsa demokalase ndi umodzi, kulemekeza kusiyana kwa mitundu ya anthu, kuteteza ufulu wa munthu aliyense, ndi kuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. Chaka chilichonse ayeneranso kukaima m'Nyumba ya Malamulo n'kufotokoza mmene dziko likuyendera pa mfundo zimene tinagwirizana, monga makhalidwe abwino, umodzi ndi kayendetsedwe kabwino ka boma.

Zoyenereza munthu kupikisana nawo ambiri mumazidziwa: akhale nzika mobadwa kapena kudzera mwa makolo, wa zaka zosachepera 35, wokhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo, wolipira misonkho, ndipo amuvomereze ovota osachepera 100 m'chigawo chilichonse. Wopambana ndi amene wapeza mavoti opitirira theka la mavoti onse abwino. Zikalephereka, awiri otsogola amabwereza chisankho pasanathe masiku 37.

Ndime 93: chilichonse chilembedwe

"Chigamulo kapena lamulo la Pulezidenti likhale lolembedwa, ndipo likhale ndi siginecha yake. Siginecha ya Pulezidenti pa chikalata cha boma ikhale ndi Chidindo cha Dziko." Ndi kandime kakafupi, koma pa zonse zimene zili m'gawoli, aka ndi kamene kangakupulumutseni inu wamba. Anthu ambiri abedwa ndi mawu akuti "akuluakulu anena" kapena "zachokera ku State House". Munthu amabwera atavala suti, atanyamula chikwama, n'kutulutsa pepala lofotokopedwa lokhala ndi chithunzi cha nkhwazi pamwamba, akuti walamulidwa kulemba maina a ofuna ntchito kapena mapuloti, mungolipira ya fomu. Ndinaona mayi wina atapinda pepala lotere bwinobwino m'pulasitiki, atalisunga m'Baibulo, akudikira kuitanidwa. Panalibe siginecha, panalibe chidindo, panali nambala ya foni yokha imene inali itasiya kale kugwira. Funsani mwaulemu kuti chikalata chenicheni chili kuti, chinatuluka mu Gazeti ya Boma ya tsiku liti, ndipo mulipira ku ofesi iti yopereka lisiti ya boma. Zimene mtsogoleri walankhula pamsonkhano wa chipani ndi lonjezo, ndipo mukhoza kumukumbutsa, koma sizinakhale lamulo mpaka zitalembedwa ndi kudutsa njira yake.

Kusankha anthu m'maudindo

Nduna zonse, pamodzi ndi nduna za zigawo khumi, Pulezidenti amazisankha pakati pa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Akafuna munthu amene si phungu, ayenera kuyamba wamulowetsa m'Nyumbayo pa mipando yochepa imene lamulo limamulola kudzaza yekha. Achiwiri a nduna anathetsedwa mu 2016. Chaka chomwecho khoti la za Malamulo Oyendetsera Dziko, lija timangoti ConCourt, linagamula kuti nduna zimene zinakhalabe m'maofesi Nyumba ya Malamulo itatsekedwa zinalakwira lamulo, ndipo zinauzidwa kubweza malipiro a nthawi imeneyo.

Maudindo ena, monga oweruza a makhoti akuluakulu, loya wamkulu wa boma ndi mkulu wozenga milandu amene timati DPP, Pulezidenti sasankha n'kuthera pomwepo. Dzina limapita ku Nyumba ya Malamulo kuti alivomereze, ndipo kwa oweruza limayamba lachokera ku bungwe loona za ntchito ya oweruza. Koma werengani Ndime 95 mosamala. Aphungu akakana dzina loyamba, Pulezidenti amatumiza lina. Akakana lachiwiri, amatumizanso lina. Akakana kachitatu kapena kuchedwetsa, munthu wachitatuyo amalowa ntchito basi. Choncho "kuvomereza" kwa apa si mphamvu yokaniratu mpaka kalekale. Kwa ine apa lamulo linafewa kwambiri, chifukwa mtsogoleri wouma mtima angathe kungodikira kukanidwa kawiri kuti amene akumufunadi amuike kumapeto.

Akasankhidwa, woweruza ndi DPP sakhala antchito a Pulezidenti. Lamulo likuti DPP asalandire malangizo kwa munthu aliyense pa ntchito yake, ndipo woweruza sachotsedwa popanda kufufuzidwa ndi bungwe lolandira madandaulo okhudza oweruza. Mukaluza mlandu, musataye nthawi ndi ndalama kulembera kalata ku State House kuti asinthe chigamulo. Njira yake ndi apilo, ndipo apilo ili ndi masiku ake owerengeka.

Kusaina malamulo

Nyumba ya Malamulo ikavomereza bilu, kutanthauza lamulo limene likuganiziridwa, Pulezidenti ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze pamodzi ndi zifukwa zake. Aphungu akhoza kuikonza monga wapemphera, kapena kuivomerezanso osasintha kanthu ngati magawo awiri mwa atatu a aphungu agwirizana. Ikabweranso, ali ndi masiku 7. Akapanda kuchitapo kanthu masikuwo n'kutha, imatengedwa ngati yasainidwa. Mapangano ndi maiko ena amakambirana ndi kusaina ndi iyeyo, koma kuti atimange ngati dziko, Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza. N'chimodzimodzi kukhazikitsa kapena kuphatikiza maunduna, ndiponso ngongole za boma zisanatengedwe. Kutseka Nyumba ya Malamulo nthawi isanakwane sangachite yekha: ayenera kudziwitsa anthu ndi kukapereka nkhaniyo ku ConCourt kuti aone ngati chifukwa chake chilipodi.

Kukhululukira akaidi

Ndime 97 ikumupatsa mphamvu yokhululukira munthu wopezeka wolakwa, kaya ndi malamulo oti atsate kaya popanda, kusintha chilango kukhala chocheperapo, kapena kuchotsa chindapusa chonse kapena mbali yake. Amachita zimenezi atalangizidwa ndi komiti yoona za chifundo imene Ndime 96 inakhazikitsa. Kawirikawiri maina amalengezedwa pa 25 Meyi, pa 24 Okutobala ndi pa Khirisimasi. Mu Julayi 2015 a Edgar Lungu anapita ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe n'kusintha chilango cha imfa cha akaidi 332 kukhala chokhala m'ndende moyo wonse, ndipo mu Disembala 2022 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa.

Dziwani kuti chikhululukochi ndi cha munthu amene khoti lamupeza kale wolakwa. Wa pa rimandi amene mlandu wake sunathe sakhudzidwa. Komanso kukhululukidwa sikutanthauza kuti khoti linalakwitsa. Chimene chimandiwawa ndi mabanja amene amagulitsa ng'ombe kapena njinga kuti apatse munthu wolonjeza kuti "aika dzina pamndandanda". Chifundo cha Pulezidenti sichigulidwa. Pempho limadutsa kwa akuluakulu a ndende, ndipo chimene chimamuthandiza mkaidi ndi khalidwe lake, thanzi lake ndi nthawi imene wakhala kale.

Malo ndi mafumu

Lamulo la Malo la 1995 likuti malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, kuwasungira anthu a Zambia. Mawu awa asokoneza ambiri. Sakutanthauza kuti malowo ndi ake, ngati munda umene munthu anasiyiridwa ndi malume ake. Ali ngati msungichuma wa kalabu: ndalama zili m'manja mwake, koma eni ake ndi mamembala. Ntchito yopereka matayitolo amaigwira m'dzina lake ndi mkulu woona za malo, Commissioner of Lands, ndipo chimene mumalandira ndi lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Malo a mafumu sangasandutsidwe a tayitolo popanda chilolezo cha mfumu ndi khonsolo ya deralo. Kadala wa chipani, kaya avale malaya a mtundu wanji, alibe mphamvu yogulitsa puloti. Amene anagula kwa anthu otere ndi amene nyumba zawo zimagwetsedwa.

Za ufumu, Ndime 165 ikuletsa Nyumba ya Malamulo kupanga lamulo lopatsa munthu kapena ofesi iliyonse mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu. Kale boma linkachita zimenezi, koma kuyambira 2016 kulonga ufumu n'kwa mwambo wa eni ake. Pulezidenti akabwera ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni, amabwera ngati mlendo wolemekezeka wa Kalonga Gawa Undi kapena wa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni. Mikangano ya ufumu ikakanika kubanja imapita kukhoti.

Nthawi ya zoopsa

Izi zili mu Ndime 29 mpaka 31, m'gawo lakale limene silinasinthidwe chifukwa riferendamu ya Ogasiti 2016 sinakwanitse mavoti ofunika. Pulezidenti, atakambirana ndi nduna zake, akhoza kulengeza nkhondo kapena kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, kudzera mu Gazeti. Chilengezo cha ngozi chimatha mphamvu pakapita masiku 7 ngati Nyumba ya Malamulo sinachivomereze, ndipo akavomereza ndi cha miyezi itatu, pokhapokha ataonjezera. Malire awa anaikidwa chifukwa dziko linakhala pansi pa malamulo a ngozi kuyambira 1964 mpaka 1991, anthu akutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ndime 31, yolengeza kuti pali zinthu zimene zingaike dziko pa ngozi, inagwiritsidwa ntchito mu Julayi 2017 msika wa City Market mu Lusaka utapsa. Musasokoneze izi ndi kulengeza tsoka la chilala, monga zinachitikira pa 29 Febuluwale 2024. Chilengezo chotere cholinga chake ndi kusonkhanitsa chakudya ndi thandizo, ndipo sichichotsa ufulu wa munthu.

Chitetezo ku milandu, ndi kuchotsedwa pa mpando

Ndime 98 ikuti Pulezidenti sangasumiridwe pa zochita zake za payekha ali pa mpando, ndipo iyenso sangasumire munthu pa nkhani za payekha. Sangazengedwenso mlandu waupandu, ndipo chitetezo chimenechi chimamutsata ngakhale atachoka. Kuti chichotsedwe, Pulezidenti amene alipo amapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, komiti imafufuza, mwini nkhani amapatsidwa mpata woyankha, kenako pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu. A Frederick Chiluba anachotsedwa chitetezo mu 2002 ndipo a Rupiah Banda mu 2013, onse awiri khoti linadzawapeza osalakwa pa milandu yaupandu imene anazengedwa. Chitetezochi ndi cha munthu mmodziyo, si cha boma. Boma likakulakwirani mukhoza kulisumira kudzera kwa loya wamkulu wa boma. Ndipo lamulo lakale lomanga munthu chifukwa chonyoza Pulezidenti linachotsedwa mu Disembala 2022, ngakhale malamulo ena oletsa kuipitsa mbiri ya munthu akadalipo.

Pulezidenti akhoza kuchotsedwa ngati waphwanya Malamulo Oyendetsera Dziko kapena lamulo lina, wachita mlandu wa pa malamulo a dziko lonse lapansi, kapena wachita khalidwe loipa kwambiri. Phungu amayamba ndi kalata kwa Sipikala mothandizidwa ndi gawo limodzi mwa atatu la aphungu. Magawo awiri mwa atatu akagwirizana, Mkulu wa Oweruza amakhazikitsa bwalo lofufuza, ndipo pamapeto aphungu amavota mwachinsinsi. Palinso njira ina ya matenda, imene imadutsa kwa gulu la madokotala. Chiyambire 1964 palibe Pulezidenti wa Zambia amene anachotsedwa mwa njira zimenezi.

Nthawi ya pa mpando ndi zaka 5, ndipo amene wakhalapo kawiri sangaimenso. A Levy Mwanawasa atamwalira mu 2008, ndi a Michael Sata mu 2014, dziko linachititsa chisankho chapadera pasanathe masiku 90. Tsopano wachiwiri kwa Pulezidenti amasankhidwa pa pepala limodzi ndi Pulezidenti, ndipo mpando ukakhala wopanda munthu amalowa pomwepo kumaliza nthawi yotsalayo. Ngati zaka zotsalazo ndi zitatu kapena kupitirira, zimawerengedwa ngati nthawi yathunthu ya pa mpando pa ziwiri zololedwa zija. Zikachepera, siziwerengedwa. Choncho povota muziyang'ananso dzina lachiwiri lija, chifukwa Pulezidenti sangamuchotse ntchito wachiwiri wake monga amachotsera nduna.