Momwe mungapezere ndalama za kafukufuku wa mankhwala ndi kuti ntchito yanu idziwike

Ku sukulu ya famase, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, munthu sakwera udindo chifukwa chophunzitsa bwino kokha. Komiti yokweza anthu imafunsa mapepala amene mwasindikiza m'magazini a sayansi, ophunzira amene mwawayang'anira ndi ndalama za kafukufuku zimene mwabweretsa. Chovuta n'chakuti opereka ndalama nawonso amayamba afunsa mapepala omwewo. Wopanda pepala samupatsa ndalama, ndipo wopanda ndalama alibe choti alembe. Potulukira pake ndi granti yaing'ono imene mungaimalize bwinobwino m'chaka chimodzi. Kuti nkhaniyi isakhale ya m'mwamba, titsatira chitsanzo chimodzi: kuyeza ngati amoxicillin wogulitsidwa m'boma limodzi ndi wokwanira mphamvu.

Yambani ndi funso loti lingayankhidwe

"Kuona ubwino wa mankhwala m'Malawi" ndi mutu wa msonkhano, si funso la kafukufuku. Funso limatchula mankhwala, malo ndi chimene mukayeze: mwa makapisozi a amoxicillin a 250 mg ogulitsidwa m'mafamase, m'masitolo a mankhwala ndi m'magolosale a m'boma la Chikwawa, ndi angati amene sakufika pa muyezo?

Musanalembe kanthu, werengani zimene ena adachita kale. Mu 2017 bungwe la WHO lidati m'maiko osauka ndi apakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Chiwerengero chimenechi aliyense amachilemba, ndiye sichingakupambanitseni. Chimene woweruza pulopozo amafuna ndi mpata umene ena adausiya. M'chaka chomwecho mudatuluka kafukufuku wa aphunzitsi a famase a ku Blantyre, amene adayeza mankhwala a malungo ndi maantibayotiki m'zipatala za boma ndi za mipingo kuchigawo cha kummwera. Ngati inu mukupita kwa ogulitsa m'misika ndi m'magolosale, nenani poyera kuti kusiyana kwake n'kumeneko. Fufuzani pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo, ndi mu Malawi Medical Journal. Magazini olipiritsa mungawawerenge mwaulere kudzera pa Hinari ya Research4Life, ingofunsani ku laibulale.

Amene mtima wawo uli pa zitsamba adziwe kuti ku KUHeS kuli likulu la ACEPHEM, loona za umoyo wa anthu ndi mankhwala azitsamba, lomwe lidayamba ndi thandizo la World Bank. Chomera chilichonse chimene mukachiyeze chikazindikiritsidwe ku National Herbarium ku Zomba ndipo chipatsidwe nambala. Popanda nambala imeneyo magazini abwino amabweza pepala, chifukwa dzina limodzi lachichewa limatha kutanthauza mitengo iwiri yosiyana.

Gogodani khomo la msinkhu wanu

Ambiri amataya miyezi itatu akulembera mabungwe akuluakulu opereka ndalama monga Wellcome kapena Global Health EDCTP3 asanagwirepo n'komwe granti ya munthu aliyense. Mabungwe amenewo amafuna kuona kuti mudasungapo ndalama za eni ake n'kupereka lipoti. Woyamba kumene ayang'ane kotere: RSTMH ya ku Britain, yoona za matenda a m'maiko otentha, imapereka magranti ang'onoang'ono kwa ofufuza ongoyamba, pa ntchito ya chaka chimodzi. OWSD, yothandiza amayi asayansi a m'maiko ongotukuka kumene, imapereka mpaka madola 50,000 kwa amayi amene ali kale ndi PhD. TWAS ya ku Trieste ku Italy, yolimbikitsa sayansi m'maiko ongotukuka kumene, imathandiza kwambiri pa zipangizo ndi zofunika mu labu. Kuno kwathu tsatirani zilengezo za National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Njira ina yabwino ndi kulowa ngati wofufuza mnzawo pa ntchito yaikulu ya anthu ozolowera, monga a ku Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, bola gawo lanu lilembedwe momveka.

Mukapeza chilengezo, yambani ndi ndime yonena za oyenera kupempha. Ena amawerenga zaka zimene zapita chitengereni PhD, ena amafuna kuti mukhale membala wa bungwe lawo, ena salipira malipiro a wofufuza. Mukaphonya chimodzi, pulopozo yanu imatayidwa isanafike n'komwe kwa oweruza.

Pitani ku ofesi ya magranti msanga

Granti sipatsidwa kwa inu, imapatsidwa ku yunivesite. Choncho ofesi yothandiza ofufuza, Research Support Centre, iyenera kuona bajeti, kupeza siginecha ya akuluakulu ndi kukupatsani manambala amene yunivesite idalembetsera kwa opereka ndalama, monga nambala ya PIC pa za European Union. Pitaniko kutatsala mwezi wathunthu, mutatenga chilengezo ndi tsamba limodzi lofotokoza ganizo lanu. Wofika Lachisanu masana pamene tsiku lomaliza ndi Lolemba amapeza wosaina ali ku msonkhano ku Mangochi. Onaninso ola lotsekera: 5 koloko ya ku Brussels si nthawi zonse imene imafanana ndi ya kuno, ndipo ya ku London sifanana nayo konse.

Njira yochitira kafukufuku: apa m'pamene pamagona nkhani

Oweruza ambiri amathamanga pa mawu oyamba, koma akafika pa njira amakhala pansi. Pa kafukufuku wa ubwino wa mankhwala pali malangizo otchedwa MEDQUARG, a mu 2009. Atsateni ndipo nenani kuti mwawatsata.

Fotokozani mmene mudzasankhire malo ogula. Kungogula m'mbali mwa msewu wa tala n'kosavuta, koma zotsatira zake sizinganene kanthu za boma lonse. Lembani mndandanda wa malo onse ogulitsa, kenako musankhe mwamaere. Nenaninso ngati wogulayo adzadziulula kapena adzapita ngati kasitomala wamba, popeza wogulitsa akadziwa kuti mwabwera kudzayeza amatulutsa katundu wabwino yekha.

Werengerani makapisozi. Kuyeza kasungunukidwe malinga ndi buku la miyezo ya mankhwala la ku America, la USP, kumayamba ndi 6. Akalephera mumaonjeza ena 6, akalepheranso ena 12, onse pamodzi 24. Kuyeza ngati mankhwala ali ofanana m'kapisozi aliyense kumayamba ndi 10 ndipo kungafike 30. Onjezanipo oyezera kuchuluka kwa mankhwala ndi osunga kuti mwina wina adzatsutsa zotsatira. Amene agula 20 pa sampulo amadzazindikira ali mu labu kuti atha, ndipo akabwerera kusitolo amapeza batchi ija idagulidwa kale. Ku golosale, kumene amagulitsa awiriawiri ochokera m'chibotolo chopanda chizindikiro, simungapeze ochuluka chotero. Lembani pasadakhale kuti sampulo ikachepa mudzayamba ndi kuyeza chiyani.

Bokosi la GPHF Minilab, lomwe ndi labu yaing'ono yonyamulika, ndi labwino posefa masampulo ambiri motchipa. Limafanizira kadontho ka sampulo yanu ndi timadontho tiwiri ta mankhwala enieni, ka 100 ndi ka 80 peresenti. Limagwira bwino mankhwala opanda kanthu m'kati kapena operewera kwambiri, koma kapisozi wa 85 peresenti akhoza kudutsa. Pamenepo mpofunika HPLC, makina a mu labu oyeza molondola kuchuluka kwa mankhwala. USP imalola amoxicillin wa makapisozi kukhala pakati pa 90 ndi 120 peresenti ya zolembedwa pa paketi, ndipo mabuku ena a miyezo ali ndi malire awo. Sankhani buku limodzi musanayambe kuyeza, osati mutaona zotsatira.

Kwatsala nkhani ya kutentha. Amoxicillin amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo ku Chikwawa mwezi wa Okutobala galimoto yoimikidwa padzuwa imasanduka uvuni. Sampulo ikakhala m'buti masiku atatu, woweruza adzafunsa ngati mankhwalawo adaonongekera kusitolo kapena m'manja mwanu. Lembani kuti mudzanyamulira m'bokosi lotchinga kutentha lokhala ndi kachipangizo kolemba kutentha, ndi kuti zonse zidzayezedwa masiku ake asanathe.

Bajeti

Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adalemba bajeti m'makwacha nthawi imeneyo adapezeka kuti ndalama ya makolamu awiri a HPLC (timapaipi timene sampulo imadutsamo) yangokwana imodzi. Zinthu zoitanitsa kunja zilembeni m'ndalama ya wopereka granti, ndipo funsani ofesi ya zachuma ngati ndalamazo zingasungidwe m'akaunti ya ndalama zakunja.

Zimene anthu amakonda kuiwala ndi izi: mankhwala enieni ofanizira ochokera ku USP kapena kofanana nako, amene kabotolo kake kochepetsetsa kamadula madola mazana angapo, zosungunulira za mtundu wa HPLC monga acetonitrile, mtengo wotumizira ndi wotulutsira katundu ku MRA, kukonzetsa makina akafa, mafuta a jenereta magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito, ndalama yolipira ku komiti yopereka chilolezo, ndi ndalama yogulira masampulo enieniwo. Mtengo uliwonse ukhale ndi kotesheni ya wogulitsa. Mzere uliwonse ufotokozedwe ndi masamu ake, mwachitsanzo anthu 2, masiku 10, alawansi yakuti pa tsiku. Mawu akuti "zina ndi zina" amafufutidwa.

Yunivesite imatenganso gawo lake loyendetsera maofesi, magetsi ndi madzi. Opereka ndalama amaika malire osiyanasiyana: NIH ya boma la America, yopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, mwachitsanzo, yakhala ikulola 8 peresenti yokha ku mabungwe akunja, ndipo magranti ena ang'onoang'ono salola kalikonse. Kambiranani zimenezi musanatumize, kuopa kudzadula ntchito ya mu labu ndalama zitabwera kale.

Zilolezo

Musagule ngakhale kapisozi mmodzi musanalandire kalata ya komiti yoteteza anthu pa kafukufuku. Kwa a ku KUHeS ndi komiti imene ambiri amaidziwa kuti COMREC, ndipo ya dziko lonse ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Mudzafunikanso kalata ya mkulu wa zaumoyo wa boma limene mukagwireko ntchito. Zikalata zopempha chilolezo kwa anthu otenga mbali zikhale m'chilankhulo chawo. Kafukufuku woyesa mankhwala pa anthu amafunanso chilolezo cha PMRA (bungwe la boma loyang'anira mankhwala), satifiketi ya GCP (maphunziro a kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu), komanso kulembetsa ku kaundula monga PACTR munthu woyamba asanalowe. Sampulo yopita ku labu yakunja imafuna mgwirizano wolembedwa wotumizira zinthu, ndipo ngati ndi chomera, malamulo a pangano la Nagoya, lokhudza kugawana phindu lochokera ku zomera ndi zamoyo zina, amagwiranso ntchito. Chilolezo chimatha pakapita chaka, ndiye pemphani kuonjezera chisanathe.

M'pulopozo lembaninso chimene mudzachite mukapeza mankhwala achinyengo. Yankho lake ndi kudziwitsa PMRA nthawi yomweyo. Anthu akumwa mankhwalawo lero, sangadikire pepala lodzatuluka chaka chamawa.

Ndalama zikafika

Lisiti lililonse lijambulidwe pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti a pa filing'i imafufutika m'miyezi yochepa. Musasamutse ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina musanapemphe molemba. Mukaona kuti nthawi sikwana, mwina chifukwa katundu wachedwa pa doko, pemphani nthawi yoonjezera yopanda ndalama zina kukadali miyezi iwiri kapena itatu. Opereka ndalama amamvetsa kuchedwa, koma amakumbukira amene adangoti zii.

Kuti ntchitoyo iwerengedwe pa dzina lanu

Nkhani ya amene adzalembedwe pa pepala ikambidwe kafukufuku asanayambe, ndipo ilembedwe. Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zaumoyo, amafuna zinthu zinayi kwa wolemba aliyense: atengepo mbali yeniyeni pokonza ntchito kapena potolera ndi kusanthula zotsatira, alembe nawo kapena kuunika zolembazo, avomereze pepala lomaliza, ndipo avomere kuyankhapo pa ntchitoyo. Wophunzira amene wakhala pa HPLC miyezi inayi akuyenera kulowa. Bwana amene adangosaina kalata malo ake ndi pa mawu othokoza, ngakhale kuti kumuuza zimenezi kumafuna kulimba mtima. Pogwira ntchito ndi anzathu akunja, mvanani msanga za malo oyamba ndi omaliza pa mndandanda, popeza ndi amene makomiti amawayang'ana kwambiri.

Tsegulani ORCID, nambala ya pa intaneti yozindikiritsa wofufuza, ndi yaulere, ndipo dzina lanu muzililemba mofanana nthawi zonse. A Banda ndi a Phiri ndi ambiri. Mukalemba "C. Banda" lero ndi "C.M. Banda" mawa, Scopus, nkhokwe yosonkhanitsa mapepala a ofufuza, imakugawani kukhala anthu awiri, aliyense ndi mapepala ochepa. Palinso kusintha kwa mu 2021, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidachoka ku University of Malawi n'kupanga KUHeS. Mapepala akale ali ndi dzina lakale, ndiye lowani mu Scopus ndi Google Scholar muwaphatikize pansi pa dzina limodzi.

Chenjerani ndi magazini amene amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira. Pepala likalowa kumeneko komiti ikhoza kulikana, ndipo simungalitumizenso kwina. Onani ngati magaziniyo ili pa DOAJ (mndandanda wa magazini odalirika owerengedwa mwaulere), PubMed kapena Scopus. Ofalitsa ambiri odalirika amakhululukira ofufuza a m'Malawi ndalama yosindikizira, koma pempho lake limaperekedwa potumiza pepala, osati litavomerezedwa kale. Nambala ya granti ilembedwe m'pepalamo monga mmene woperekayo adanenera.

Zotsatira zikambidwe pa msonkhano wa pachaka wofalitsa kafukufuku wa ku KUHeS, ndipo masamba awiri osavuta kumva apite ku PMRA, ku Central Medical Stores Trust ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma limene mudagulako masampulo. Akakuyankhani molemba, sungani kalatayo m'fayilo imodzi ndi kalata ya granti, lipoti lomaliza ndi maina a ophunzira amene adamaliza nanu. Fayilo imeneyo ndi imene mudzapereke ku komiti yokweza udindo, ndipo tebulo la zotsatira za ku Chikwawa lidzalowa pa tsamba lachiwiri la pulopozo yotsatira, yopempha kuyeza maantibayotiki asanu m'maboma anayi.