Kujambula mawu a agogo pafoni: mmene ndimachitira kuno ku Nkhotakota

Zithunzi za mkuyu wa Livingstone zachuluka kale pa Facebook. Mlendo aliyense amajambula mtengowo, pomwe mzunguyo anakambirana ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili yogulitsa akapolo, za malonda amenewo m'zaka za m'ma 1860, kenako n'kupita kumanda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Chimene chikusowa pa intaneti ndi mawu a agogo athu, akufotokoza okha m'Chichewa chawo. Ntchito imeneyi foni wamba imakwanitsa.

Yambani ndi kupempha. Tengani kashuga kapena sopo, khalani nawo pamphasa, munene mosabisa: "Agogo, ndikufuna ndisunge mawu anu m'fonimu kuti adzukulu anu a ku Joni azimva. Koma adzamvanso ndi anthu osakudziwani. Mwalola?" Akakana, zathera pomwepo. Ngati nkhaniyo ikukhudza ufumu kapena malire a mudzi, dzerani kaye kwa amfumu.

Ine ndimakonda kujambula mawu okha kusiyana ndi vidiyo. Sadya malo ambiri m'foni, bando yake ndi yochepa, komanso munthu wamkulu akaona kamera amauma thupi n'kuyamba kuyankhula ngati ali pamsonkhano. Mdani wamkulu kunyanja kuno ndi mphepo. M'miyezi ya mwera, makamaka Juni ndi Julayi, mukajambulira pamchenga mudzangomva phuu! phuu! basi. Khalani kuseri kwa nyumba, vekani foni sokosi yoyera kumene kuli maikolofoni, ndipo muiike pa airplane mode kuti wina asaimbe nkhani ili pakati. Jambulani pang'ono, mumvetsere, kenako muyambe zenizeni.

Pamafunso m'pamene ambiri zimawavuta. Mukati "tiuzeni za chikhalidwe chathu," adzangoyankha kuti zinatha kale mwanawe. Funsani chinthu chimene manja awo amachidziwa. Chinangwa chowawa mumachivika masiku angati kuti ululu wake uchoke, nanga mumadziwa bwanji kuti chafewa mokwana kukhala ufa wa kondowole? Muwaone akufinya m'mwamba ndi zala ngati chinangwacho chili m'manja, mawu nawo n'kumasuka. Msodzi wokalamba mufunseni kuti siginala, wotsogolera asodzi ndi nyali, amadziwa bwanji pamene pali usipa usiku wamdima, kapena kuti mpasa unkachuluka motani pokwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira. Mayi wovina gule wa chioda ayimbe kaye, kenako anene kuti nyimboyo inkadzudzula khalidwe lanji. Akakhala chete musawadule, akukumbukira.

Pali zina zosayenera kujambulidwa, ndipo apa sindinyengerera. Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule dambwe. Zapabwalo jambulani mutapempha eni gule. Zakudambwe, zakutsimba ndi zakujando zisiyeni komweko. Kanthu kakalowa pa TikTok anthu amakakopera m'mafoni mwawo, ndipo ngakhale mufufute, simungakabwezenso.

Poika pa intaneti, dulani kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu, muikepo chithunzi cha manja awo kapena cha mtondo ngati sakufuna nkhope ioneke. Lembani m'Chichewa mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi Malengachanzi, Mwadzama kapena Kanyenda, ndi chaka chimene mwajambula. Popanda zimenezi mawa wina adzati nyimboyo ndi ya kwina. Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, choncho si nkhokwe. Komanso WhatsApp imachepetsa kuoneka bwino kwa vidiyo. Potumizira achibale sankhani Document kuti ifike momwe munaijambulira.

Zonse zosadula sungani pawiri: pa memori khadi yokhala m'nyumba, ndi pa Google Drive, yomwe imapereka malo okwana 15 GB ulere. Mafoni amagwera m'madzi kuno, ena amabedwa mumsika. Fayilo iliyonse ipatseni dzina lomveka, monga "kondowole, agogo aakazi, 2025."

Mukatha, bwererani mukawamvetsere mawu awo ndi kuwawerengera zomwe achibale ayankha. Nthawi zambiri amati, "Ayi, pamenepo ndinasiyapo china," n'kuyamba nkhani yoposa yoyamba ija. Choncho pitani foni ili yotchaja, malo alimo okwanira.