Momwe mungapangire maginito a magetsi ndi msomali, waya ndi batire la wailesi

Mwana wa kuno ku Dedza akhoza kufika Sitandade 8, ngakhale Fomu 2, maginito a magetsi atangowamva ndi makutu. Aphunzitsi amajambula msomali pabolodi, n'kuuzunguliza mizere ya choko, ana n'kukopera m'makope mwawo, nkhani yathera pomwepo. Pobwera mayeso a MANEB mwana amalemba zimene analoweza, koma chinthucho sanachigwirepo ndi manja ake. Ine ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya pulaimale chakufupi ndi Bembeke, ndipo zimenezi zimandiwawa mumtima, chifukwa zipangizo zonse za ntchitoyi zimakwana m'thumba la malaya. Sipafunika labotale ayi. Kholo likhoza kuchita zimenezi ndi mwana wake pakhonde Loweruka masana.

Zoti musonkhanitse

Pezani msomali wachitsulo wa folo inchi kapena sikisi inchi. Kalipentala aliyense sangakumaneni umodzi. Ngati uli ndi dzimbiri, ukwecheni pang'ono ndi sandipepa. Batire likhale lalikulu lija la wailesi ndi tochi, lolembedwa 1.5V, ndipo likhale latsopano, osati limene mwakhala mukuliyanika padzuwa kuti litsitsimuke. Mufunanso kamphira ka legeni kapena selotepi, sandipepa kapena lezala, ndi tizitsulo toti tizikokedwa: mapini a telala, mawaya a sitepula, timisomali tating'ono, zitsekerero za mabotolo a Fanta.

Pa waya ndiye pagona nkhani. Ayenera kukhala wa kopa, wowonda, wotalika mamita awiri kapena atatu, ndipo akhale wokutidwa. Waya womangira zitsulo pa nyumba sathandiza, chifukwa ndi wosakutidwa: mukakulunga pamsomali, magetsi amangodumphira pamsomalipo n'kudutsa njira yachidule osazungulira. Waya wa pulasitiki wa m'zingwe zakale za wailesi amagwira ntchito, kungoti ndi wonenepa, ndiye amadzaza msomali musanazungulize kambiri. Wabwino koposa ndi uja wofiirira wonyezimira amene amapezeka m'kati mwa thiransifoma ya wailesi yakufa kapena mu mota ya fani. Pitani kwa okonza mawailesi paboma, pa Chimbiya kapena pa Lizulu, mukapemphe kapena kugula zotsalira. Musalole ana kuti azikaphwasula okha ma TV akale, muli tizipangizo tina timene timasunga magetsi ngakhale TV itazimitsidwa.

Waya wonyezimirayu ndi amene anandichititsa manyazi chaka choyamba. Pomuona amaoneka ngati kopa wopanda kanthu, chonsecho anapakidwa vanishi wowonda kwambiri. Ndinakulunga bwinobwino usiku, m'mawa n'kuima pamaso pa kalasi, ana atatong'ola maso, ndinagunditsa msomali pamapini, zii. Ndinasintha batire, zii. Mwana wina kumbuyo anafunsa motsitsa mawu kuti, "Sala, kapena msomaliwo ndi wabodza?" Madzulo ake ndinabwerera kwa bambo amene anandipatsa wayayo. Anangoyang'ana kumapeto kwake n'kunena kuti, "Aphunzitsi, simunapale kunoku. Moto ulowera pati?" Anatenga lezala, kupala kawiri katatu, msomali uja n'kunyamula kasikuluwu patebulo pawo pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo, kupala ndimakuphunzitsa mofatsa kuposa china chilichonse.

Kukulunga

Siyani waya wotalika ngati chikhatho, masentimita 15 kapena 20, akulendewera kumutu kwa msomali. Ameneyo ndi wopita kubatire. Gwirani ndi chala chachikulu pamenepo ndipo yambani kuzunguliza, mzere uliwonse ukhale mothinana ndi unzake monga mmene ulusi umakhalira pa bobini ya makina osokera. Muziwerenga mokweza. Ana amakonda kuwerenga pamodzi, ndipo nambala imeneyi mudzaifuna kutsogoloku. Pa ulendo woyamba, kuzunguliza ka 50 n'kokwanira.

Chofunika kwambiri n'chakuti muzizunguliza mbali imodzi yokhayokha. Mukafika kunsonga waya akadalipo, mukhoza kubwerera kumutu pamwamba pa mizere yoyamba ija, koma dzanja lipitirize kuzungulira mbali yomweyo. Mukatembenuza, mizere yatsopano imalimbana ndi yakale, mphamvu n'kuphana zokhazokha. Ana ambiri amalakwa apa akatopa, makamaka akapatsirana msomali pakati pa ntchito, wina wamanzere wina wamanja. Musawafulumizitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunsonga kwa msomali kutsale poonekera ngati kutalika kwa chikhadabo, poti mpamene pazikagwira mapini. Siyaninso waya wina wolendewera ngati woyamba uja, ndipo matani kaselotepi kumapeto onse awiri kuti mizere isamasuke.

Tsopano palani. Kumapeto kulikonse chotsani vanishi kapena pulasitiki pa utali wa masentimita awiri, mbali zonse, mpaka kopa aoneke wowala mosiyana ndi kwinako. Sandipepa ndi yabwino kwa ana. Lezala agwire wamkulu, ndipo apale mofatsa, chifukwa waya wowonda sachedwa kuduka.

Kulumikiza ndi kuyesa

Zungulizani kamphira ka legeni m'litali mwa batire kuti kadutse kumutu ndi kumatako kwake. Lowetsani mbali imodzi ya waya pansi pa mphira kumatako, kumene kuli chizindikiro cha −. Mbali inayo musaimangirire. Imeneyo ndiyo switchi yanu: mukaigunditsa pakachitsulo kotukuka ka kumutu, pamene pali +, magetsi ayenda, mukaichotsa aima.

Musanagunditse, yambani mwaika nsonga ya msomali pamapini kuti aliyense aone kuti palibe chikuchitika. Kenako gunditsani waya, dinani ndi mphira kapena kapepala kopinda, ikaninso msomali pamapini n'kuukweza pang'onopang'ono. Mapini akwera atalendewera, ena atagwirana okhaokha ngati unyolo. Chotsani waya pabatire, agwa. Pamenepa kalasi imasokosera, ndipo ine sindiletsa.

Musapitirire masekondi khumi waya ali pabatire. Werengani mpaka teni, chotsani, pumani. Waya wamfupi chonchi salimbana kwenikweni ndi magetsi, choncho amayenda ambiri nthawi imodzi, waya ndi batire zimatentha, ndipo batire limatha msanga. Mwana akati "kwatentha", asiye pomwepo.

Apa ndinene mosapsatira mawu. Ntchitoyi ndi ya batire la wailesi basi. Magetsi a ESCOM a pakhoma ndi 230V, amapha. Batire la galimoto, la njinga yamoto kapena la sola, limene masiku ano lili m'makomo ambiri kumudzi, likhoza kufiiritsa wayayo m'kanthawi kochepa, kuwotcha zala ndi kuyatsa moto. Batire la foni likhoza kuphulika. Auzeni ana zimenezi asanagwire msomali, chifukwa amene zamusangalatsa kwambiri ndi yemweyo akafike kunyumba n'kuyang'ana batire la sola la bambo ake.

Zikakanika, yang'anani kaye kumapeto kwa waya ngati munapala mokwanira. Kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. Kenako onani ngati waya akugundadi pachitsulo cha batire, ngati mizere yonse ikuloza mbali imodzi, ndiponso ngati batire lili ndi moto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kumafooketsa mabatire m'mawa, ndiye lisungeni m'thumba la jekete mpaka nthawi ya phunziro.

Chimachitika n'chiyani mumsomalimo?

Magetsi akamayenda m'waya, mozungulira wayayo mumabadwa mphamvu ya maginito. Woyamba kulengeza zimenezi anali Hans Christian Ørsted wa ku Denmark mu 1820, ataona singano ya kampasi, kachipangizo kolozera kumpoto, ikutembenuka pafupi ndi waya woyenda magetsi. M'waya wowongoka mphamvuyo ndi yochepa. Mukakulunga, mzere uliwonse umathira yake pa ya unzake, zonse n'kusonkhana pakati, pamene pali msomali.

Chitsulo nacho chili ndi zake. M'kati mwake muli timagawo tosaoneka ndi maso, kalikonse kali ngati kamaginito, koma timaloza uku ndi uku monga ana pa nthawi ya buleki. Magetsi akayamba kuzungulira, timagawoti timafola n'kuyang'ana mbali imodzi ngati ana pa asembule, ndipo mphamvu zake zimaphatikizana. Mukachotsa batire, tambiri timabalalikanso. N'chifukwa chake mukakulunga waya yemweyo pa pensulo kapena pa kamtengo, mphamvu yake imakhala yochepa kwambiri moti mapini sanyamuka. Yesani zimenezo, ana aone okha.

Nkhani ya waya wokutidwa ija ndi yakale ndithu. William Sturgeon wa ku England, amene anaonetsa maginito a magetsi oyamba mu 1825, anagwiritsa ntchito waya wosakutidwa, ndiye anapaka vanishi pachitsulocho n'kuzunguliza ka 18 kokha motalikirana. Chitsulo chake cholemera pafupifupi magalamu 200 chinanyamula makilogalamu anayi. Joseph Henry wa ku America anakuta wayayo ndi silika kuti athe kusanjikiza mizere yambiri, ndipo mu 1831 maginito ake ananyamula makilogalamu oposa 900. Ndikawauza ana zimenezi, ndimawaonetsa vanishi amene angopala kumene.

Apa ndiye sayansi yayamba

Kunyamula mapini n'kosangalatsa, koma ndikanakonda aphunzitsi anzanga asamathere pomwepo. Agaweni ana m'magulu. Gulu lina lizungulize ka 20, lina ka 40, lina ka 80. Misomali ikhale yofanana, waya wamtundu umodzi, mapini a m'paketi imodzi, batire limodzi lomwelo lizizungulira magulu onse. Chosintha chikhale chimodzi chokha, kuchuluka kwa mizere. Musanayambe, mwana aliyense alembe m'kope mwake zimene akuganiza kuti zichitika. Gulu lililonse liyese katatu, liwerenge mapini, lilembe pabolodi.

Manambala atatuwo sadzafanana, ndipo pamabuka mkangano wabwino. Wina anaviika msomali mwakuya, wina anakweza mothamanga, batire linali litatopa pofika gulu lomaliza. Asiyeni akangane mpaka agwirizane njira imodzi yoyesera, ndipo pobwereza muyambire gulu limene linali lomaliza. Mwana amene wazindikira yekha kuti mayesowo sanali achilungamo waphunzira zambiri kuposa amene wangopeza mapini ochuluka.

Tsiku lina sungani mizere ikhale yomweyo, musinthe mabatire: limodzi, kenako awiri olumikizana mutu ndi matako monga mutochi, zimene zimapereka 3V. Mapini achuluka, koma kutenthanso kufulumira, ndiye masekondi asanu akwana. Musapitirire mabatire awiri. Aloleninso ana abweretse zinthu zawo: chidutswa cha poto wa aluminiyamu, ndalama yachitsulo, kiyi, khala, waya wa kopa wotsala uja. Ambiri amabwera akukhulupirira kuti chilichonse chowala chimakokedwa, ndipo poto amawadabwitsa.

Ngati mulibe kampasi, pangani yanu. Khulani singano pansonga ya msomali maginito ali oyaka, mbali imodzi yokha, kangapo, n'kuigoneka pa katsamba koyandama m'mbale ya pulasitiki ya madzi. Katsambako katembenuka mpaka singano italoza kumpoto ndi kummwera. Yandikizani nsonga ya msomali, muone mbali imene ikukokedwa. Kenako tembenuzani batire, waya wa ku + apite ku −. Mbali ija inkabwera tsopano ithawa. Maginito a mu sipika sangachite zimenezi: sazima, ndipo mbali zake sizisinthana. Ichi n'chifukwa chake maginito a magetsi ndi amene ali mu sitata ya galimoto, mu mota ya chigayo cha magetsi, ndiponso m'majenereta a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mwana wa kwa Kachindamoto akamva chigayo chikulira, adziwe kuti m'katimo muli waya wokulungidwa pachitsulo ngati wake uja.

Pali chinthu chimodzi chimene mwana watcheru adzakufunsani. Mukayesa kangapo, pini imodzi kapena ziwiri zimakanirira pamsomali ngakhale batire mwachotsa. Sikuti mwalakwitsa. Misomali ndi ya chitsulo chosakaniza ndi kaboni pang'ono, ndipo timagawo tina timatsala tili pamzere. Chotsani waya, menyetsani msomaliwo pamwala kangapo, mphamvu yotsalayo ichepa. Mukafuna msomali womvera bwino, uikeni pambaula mpaka ufiire, kenako uukwirire m'phulusa uzizire wokha usiku wonse, osauthira madzi. Imeneyi ndi ntchito ya wamkulu, yochitira panja, ndipo musawotche misomali ya malata yoyera ija, utsi wa zimene anapakapo ndi woipa. M'mawa pukutani mwaye, kulungani waya mwatsopano, muyerekeze ndi msomali wosawotcha.

Mukamaliza, chotsani mabatire muwasunge paokha, misomali yokulungidwa kale ija muiike m'chitini chouma pamodzi ndi mapini, ndipo pamsomali uliwonse mumatepo kapepala kolembedwa nambala ya mizere yake.