Chinkhwe chikadwala, yambani ndi kuchifunditsa

Anzanga oweta zinkhwe kuno ku Mzuzu, chisanu cha June ndi July sichinyengerera mbalame yodwala. Mukaona chinkhwe chafufumitsa nthenga, chikungosinza, musathamangire kugula mankhwala.

Thirani madzi ofunda m'botolo, mulikulunge ndi kansalu n'kuliika pambali pa khola. Funditsani khola ndi chitenje, mbali imodzi ikhale yotsegula. Mphamvu zimene chikanathera polimbana ndi kuzizira zimapita kolimbana ndi matenda. Koma mbaula ayi ndithu! Mpweya wa makala umapha mbalame msanga kuposa munthu.

Chakudya ndi madzi muziike pafupi, chisavutike kukwera. Kaphala kopanda mchere ndi nthochi yakupsa n'zokwanira. Mapeyala musayerekeze, ngakhale atatchipa bwanji pamsika, ndi poizoni kwa zinkhwe. Chimodzimodzi mtedza wachuku. Panado musachipatse.

Pansi yalani pepala loyera, muzijambula zitosi pafoni m'mawa uliwonse. Zithunzizo zimathandiza dokotala wa ziweto kuona mmene matenda ayendera.

Chikatha tsiku osadya, kapena chikamapuma chitayasama, pitani nacho lomwelo. Mbalame zimabisa matenda, pamenepo ndiye kuti zafika povuta.