Momwe mungasamalire nkhope youma m'nyengo ya chisanu

Mwezi wa June ukangolowa, ife a khungu louma timadziwika ndi nkhope. Masaya amatuwa, m'mbali mwa mphuno mumatuluka timamba toyera, ukati useke khungu limakoka ngati ling'ambika. Ku Dedza, ku Kasungu ngakhale mu Lilongwe momwemu, mpweya wa nyengo ino ndi wozizira komanso wouma, ndiye umamwa chinyezi cha pakhungu msangamsanga. Ambiri amathamangira mafuta odula, koma nthawi zambiri mafutawo alibe mlandu. Nkhani yagona pa kasambidwe ndi nthawi imene mukudzolera.

Yambani ndi madzi. Ndikudziwa kuti m'mawa wa July munthu amafuna madzi ofuka nthunzi, koma madzi otentha kwambiri amasungunula mafuta achibadwa amene amatchinga khungu kuti lisataye chinyezi. Kunkhope gwiritsani ntchito ofunda chabe. M'mawa sopo safunika n'komwe, madzi okha akwanira, chifukwa simunagone m'fumbi. Sopo ndi wamadzulo, pochotsa thukuta, fumbi ndi zodzoladzola za tsikulo.

Ndipo sopo wake asakhale wochapira zovala uja. Pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, khungu la munthu lili pafupifupi pa 5, pamene sopo wamba amafika 9 kapena 10, kutali ndi mmene khungu lilili, n'chifukwa chake mukasamba naye nkhope imalira "tswii" pansi pa chala. Ena amati kulirako ndiye kuyera, koma ndi chizindikiro choti mafuta onse apita. Pezani sopo wofewa wopanda fungo, ngakhale wa ana akhanda amachita bwino. Chinkhupule chisiyireni kumsana ndi kumapazi. Kukhula timamba tija kumangowonjezera kuyabwa.

Mukatha, musapukute mpaka gwa. Ingogunditsani thaulo pang'onopang'ono, nkhope itsale yonyowerera, ndipo mudzole pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Osati muyambe mwasita malaya ndi kumwa tiyi.

Tsopano pa glycerine, chifukwa apa ndi pamene ambiri timapsa. Kabotolo kake ndi kotchipa, kamapezeka m'golosale iliyonse, ndipo amayi athu akhala akuthira m'mafuta odzola kuyambira kale. Ntchito yake ndi kukoka madzi n'kuwasunga pamwamba pa khungu. Ndiye funso n'lakuti, madziwo awatenga kuti? Mpweya ukakhala wachinyezi, monga nthawi ya dzinja, amakoka mumpweyamo. Koma mu July mpweya ulibe kanthu, ndipo mukamupaka yekha pankhope youma amatha kukoka chinyezi chochokera m'kati mwa khungu lanu lomwe, n'kuchisiya pamwamba pomwe mphepo ikuchiuluza.

Ine zinandichitikira. Ndinamupaka wosasungunula, wambiri ndithu, n'kunyamuka kupita kokwerera minibasi. Nkhope inali mwaa kunyezimira, koma yomata, moti fumbi lonse la mumsewu linakakamira pamasaya. Pofika masana m'mbali mwa mphuno munkalasalasa, khungu likukoka kuposa m'mawa, ndipo kwa masiku angapo pamenepo panali pofiira. Njira yake ndi iyi: nyowetsani zikhatho, donthezani dontho limodzi kapena awiri, tikitani m'manja mpaka asungunuke, kenako sisitani pankhope yonyowa ija. Mukamva kumata, mwachulutsa. Ena amasakaniza ndi madzi m'botolo kuti azingotunga, koma madzi osakaniza kunyumba sakhalitsa, tizilombo timaswana m'menemo. Bola kusakaniza m'manja tsiku lililonse. Ndiponso samalani ndi glycerine wothiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro amene ena amayenda naye mumsika. Simudziwa chimene awonjezeramo kuti achuluke, ndipo wina amanunkhira perefyumu, chinthu chimene khungu louma silifuna. Wa ku famase amadulirapo pang'ono, koma poti mukugwiritsa ntchito madontho awiri patsiku, kabotolo kamodzi kadzakuperekezani mpaka chisanu chithe.

Glycerine akalowa, pamafunika chotsekera pamwamba kuti madziwo asathawe. Sankhani kirimu wolimba wa m'chitini kusiyana ndi losheni wamadzimadzi. Mukawerenga kumbuyo, mukapeza mawu ngati urea, ceramide kapena shea butter, ndiye zabwino. Mitengo ya zinthu zochokera kunja ikukwera mwezi ndi mwezi, choncho ngati thumba silikulola, Vaseline wamba amagwira ntchitoyi bwino lomwe. Iye sawonjezera madzi, amangotseka, n'chifukwa chake kumupaka pankhope youma kale kumangokupatsani kunyezimira popanda kufewa. Pang'ono chabe, kuchuluka kwa njere ya chimanga, m'malo amene amatuwa kwambiri. Ngati mumatuluka ziphuphu, pachipumi ndi pachibwano musapakepo.

Aqueous cream ambiri timamukonda chifukwa chitini chake n'chachikulu. Dziwani kuti mitundu yambiri imakhala ndi sodium lauryl sulphate, mankhwala ochititsa thovu, amene amayabwa anthu ena akakhalitsa pakhungu. Ngati mwagula kale, msambireni m'malo mwa sopo n'kutsukuluza.

Chimene ndikukuletsani ndi timachubu tija ta m'misika timene ogulitsa amati "tisalalitsa nkhope sabata imodzi". Tambiri ndi toyeretsa khungu, tokhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu ngati clobetasol ndi betamethasone, amene amayenera kulembedwa ndi dokotala. Masiku oyamba nkhope imaonekadi bwino, kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo mukasiya limabwerera ndi zilonda ndi mawanga akuda.

Kwatsala dzuwa. Ngakhale kukuzizira, dzuwa la kuno limawotcha, ndipo khungu lakuda nalo limawonongeka. Pakani sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) yolembedwa SPF 30, nambala yosonyeza mphamvu yake, pamwamba pa zonse musanatuluke. Ndi yodula, inde, ndiye ikakusowani chipewa chachikulu kapena ambulera zithandize.

Madzulo ndi zomwezo: sopo wofewa, glycerine, kirimu, ndipo apa mutha kuwonjezerako Vaseline popeza palibe fumbi lokakamira. Pamilomo Vaseline yemweyo, ndipo lekani kunyambita. Powotha mbaula musayandikize nkhope. Chovala cha pilo chizichapidwa sabata iliyonse. Ngati patatha milungu iwiri kapena itatu khungu likuyabwabe, likung'ambika kapena kutuluka madzi, kumeneko sikuuma wamba, pitani kuchipatala akakuoneni.