Ana a zaka 9 mpaka 12 asatayike pakati pa Sande Sukulu ndi gulu la achinyamata

Lamulungu likubwerali, kaya mumapemphera ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, mukasuzumire kumbuyo kwa kalasi ya Sande Sukulu. Mukapezako ana ataliatali a Sitandade 5, 6 ndi 7 atapinda manja, pamene tiana ta zaka zinayi tikuvina nyimbo yomwe iwowo anayamba kuyimba mano asanaguluke. Akati alowe gulu la achinyamata, amauzidwa kuti adakali ana. Apa m'pamene ena amayamba kujombajomba, ndipo pofika Fomu 1 sitiwaonanso.

Wolima tomato kapena kabichi amadziwa kuti mbande siizulidwa pa nazale n'kukaisiya padzuwa tsiku limodzi. Amayamba waikhwimitsa, kuchepetsa madzi ndi kuchotsa mthunzi pang'onopang'ono. Ana a msinkhu uwu afika nthawi yokhwimitsa, ndipo ntchitoyi ndi ya mpingo.

Yambani ndi kuwapatula. Musadikire kuti mumange holo; patsinde pa mango kapena pakhonde la nyumba ya abusa m'pokwanira. Mphunzitsi mmodzi asapitirire ana khumi, ndipo akhale yemweyo chaka chonse, chifukwa mwana saululira zakukhosi munthu amene wamuona kawiri kokha.

Kenako Baibulo likhale m'manja mwa mwana, osati mwa mphunzitsi yekha. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, timalikonda ndipo tinakula nalo, koma Chichewa chake chimapunthwitsa mwana wobadwira m'tauni. Buku Loyera la mu 1998 ndi lofewerapo. Ngati mabuku ndi ochepa, ana awiri kapena atatu awerengere limodzi. Kuloweza mavesi n'kwabwino, koma pa msinkhu uwu awerengenso nkhani yathunthu. Uthenga wa Marko uli ndi mitu 16. Mukamatenga mutu umodzi pa sabata, m'miyezi inayi mwana wamaliza buku lonse ndi maso ake. Akawerenga, afunseni zomwe zachitika m'nkhaniyo, zomwe aona mwa Yesu, ndi zomwe akachite Lolemba kusukulu. Mphunzitsi achepetse kulalikira.

Chachikulu pa zonse ndi mafunso awo. Pa Luka 2:41-52 timawerenga kuti Yesu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Aphunzitsi aja sanamuthamangitse. Ife tinazolowera kuti mwana wofunsitsa ndi wamwano, ndipo chizolowezi chimenechi chatitayitsa ana anzeru. Ku Chilobwe ndi ku Soche kuli ana amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mwana wotere akafunsa kuti Mulungu anali kuti usiku umene uja, musamutseke pakamwa ndi vesi. Mumvetsereni kaye, muwerenge naye Salimo 13, aone kuti Davide nayenso analira kwa Mulungu mosabisa. Ndipo mphunzitsi amene angathe kunena kuti "Ili landikulira, tikafunse abusa, Lamulungu ndibwera ndi yankho" amapatsidwa ulemu kuposa wongobwebweta. Koma Lamulungu lakelo abweredi nalo yankholo.

Ana ena ndi amanyazi. Pezani chitini chotsekeka, muboole pamwamba, aziponyamo timapepala topanda dzina. Mudzadabwa zomwe zidzatulukemo: za ufiti, za kulekana kwa makolo, za zithunzi zomwe anaona pa foni ya mnzawo, za kusintha kwa thupi. Mafunso a thupi ayankhidwe padera, atsikana ndi amayi okhwima maganizo monga a Mvano, anyamata ndi abambo, makolo atadziwitsidwa kale. Osadikira kuti mwana athe msinkhu ndiye muyambe kulankhula. Pamenepo amakhala atamva kale zolakwika kwa anzake.

Apatseninso ntchito yeniyeni. Akatolika ali ndi otumikira pa guwa, a Adventist ali ndi gulu la ana lotchedwa ma Pathfinder kuyambira zaka 10, ndipo mwana wa m'magulu amenewa amadziwa kuti akajomba pasowa munthu. Mumpingo uliwonse mwana wa zaka 11 angathe kuwerenga mawu pa mapemphero a akuluakulu, kuyambitsa nyimbo, kulandira alendo pakhomo, kapena kupita ndi mphunzitsi kukatungira madzi agogo amene sakuyenda. Musamangowatulutsa pa Khirisimasi kuti achite sewero basi.

Makolo musawaiwale, koma musawasenzetse zomwe sangathe. Ambiri mu Blantyre muno amalawirira kukagwira minibasi ya ku Limbe kapena kukayala malonda kumsika, n'kubwera kutada. Apempheni chinthu chimodzi: pa nsima yamadzulo mwana afotokoze zomwe wawerenga, ndipo iyeyo ndiye apemphere. Mphunzitsi afike pakhomo pa mwana aliyense ngakhale kamodzi pa teremu. Kumeneko ndi kumene mudzadziwe kuti mtsikana amene amawodzera m'kalasi amalera azing'ono ake.

Pomaliza, nkhani imene mipingo ina imaizemba. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ngakhale akhale mkulu wampingo wodziwika. Pa kalasi, pa ulendo kapena pa msonkhano wogonera pakhale akuluakulu awiri, ndipo makolo avomereze mwana asananyamuke. Mwana akaulula kuti wina akumuchita nkhanza kapena akumugwira mosayenera, imeneyo si nkhani yothera m'bwalo la mpingo. Kaneneni kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116, tsiku lomwelo.