Kuyenda ndi khanda kumalo achisangalalo m'nyengo yotentha

Makolo anzanga a kuno kuchigwa cha Shire, ngati mukufuna kupita ndi khanda losakwana miyezi 6 kumalo achisangalalo monga ku Majete kapena ku Lengwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, nyamukani m'mamawa kwambiri kuti pofika 10 koloko mukhale muli pamthunzi. Thupi la khanda silitha kudziziziritsa lokha mokwanira, choncho limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu.

Chimene ndaona kuti chimathandiza kwambiri ndi kumutsitsa mwana kumsana nthawi ndi nthawi, chifukwa mbereko ndi thupi la mayi zimamuwonjezera kutentha. Musamufunditse nsalu kumutu poganiza kuti mukumuteteza ku dzuwa, popeza mpweya wotentha umatsekeredwa m'katimo. Ambulera ndiyo yabwino chifukwa kamphepo kamadutsa. Muyamwitseni pafupipafupi ndipo musamupatse madzi, pakuti mkaka wa m'mawere ndi wokwanira pa msinkhu umenewu.

Mukaona kuti thewera lakhala louma kwa maola ambiri, liwombo lalowa m'kati, kapena mwana wafooka ndipo akukana kuyamwa, siyani ulendowo ndipo muthamangire naye kuchipatala chapafupi.